Vetiva wosameta anandidyera munda ku Tsangano

Inu amayi ndi abambo amene mumadzuka tambala asanalire kukadikira malole a mbatatesi pa Wakawaka ku Lilongwe, mu Limbe kapena ku Ndirande, ndili nanu funso. Mukakhuthula thumba lochokera ku Tsangano, dothi lija limatsalira pansi mumaliona bwanji? Ambiri mumangolisesa uku mukung'ung'udza kuti mlimi wakuberani. Inenso ndinkatero. Koma masiku ano ndikaliona dothi limenelo mtima umandiwawa, chifukwa limene limafika m'tauni pa thumba ndi lochepa zedi poyerekeza ndi limene limapita ndi madzi chaka ndi chaka m'mapiri akwathu. Ndipo ndisabise, lina mwa dothi limenelo linapita kaamba ka ulesi wanga.

Kwathu ndi ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, m'malire mwenimweni ndi Mozambique. Ambiri mumangodziwa pa mphambano paja pa msewu wa M1 pamene basi ikaima amayi amathamangira ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi ndi tomato. Tsangano yeniyeni ili kumtunda, m'mapiri, njira yolowera ku Neno. Kumazizira koopsa mu Juni ndi Julayi, n'chifukwa chake mbatatesi imakonda kumeneko. Vuto ndi lakuti minda yambiri ili pa mtsetse. Mbatatesi nayo imafuna dothi lofewa. Pobzala timatipula, pokwezera timatipula, pokumba timatembenuza munda wonse. Dothi lotere likakumana ndi mvula ya mkuntho pa phiri silichedwa kunyamuka.

Agogo anga aakazi atamwalira mu 2019, abale anagwirizana kuti kamunda kawo ka pa mtsetse ndizilima ine, popeza ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ndinalibe chochita. M'mundamo munali mizere inayi ya udzu wa vetiva, ena amati thedzi, yodula phiri m'mbali motsata akalozera. Anabzala ndi agogowo pamodzi ndi malume anga ine ndisanabadwe. Chaka chimodzi chokha ndinalima ndekha. Kenaka ndinapita ku Blantyre kukayesa mwayi wolemba nkhani, munda n'kusiyira mnyamata waganyu. Ndalama ya mbeu ndi fetereza ndinkangotumiza pa foni.

Tsiku lonyamuka malume anandiperekeza pa siteji. Ndikukwera galimoto amvekere: "Mphwanga, fetereza uzitumiza, koma vetiva uja uzimumeta. Akakula mutu sagwira ntchito." Ine ndinangoti, "Ndamva malume," koma mumtima ndinkaseka. Ndalama yanga yovutikira ndizilipira munthu kuti azimeta udzu? Kodi udzu ukatalika si ndiye kuti ukugwira bwino nthaka? Mau a akuluakulu amakoma akagonera.

Zaka zitatu osaona zenga

Vetiva ukamusiya amatalika mpaka kufanana ndi munthu. Kwa ongodutsa amaoneka ngati mpanda wamphamvu, koma ukagwada n'kusuzumira pansi m'pamene umaona zoona zake. Masamba akale amauma n'kuunjikana pakati pa phata, dzuwa sililowa, ndipo mphukira zatsopano zimachepa. Phata limafa pakati n'kumangokhala ndi moyo m'mphepete. Mutu umalemera, udzu n'kugwera pa mbeu. Mzere wa mbatatesi woyandikana nawo umakhala pa mthunzi, ndipo m'zinyalala zouma zija makoswe ndi mbewa zimapeza nyumba yaulere.

Mnyamata wanga waganyu ataona zimenezi anachita zomwe munthu aliyense wotopa angachite. Anazula maphata awiri pa mzere uliwonse kuti apeze njira yachidule yotsitsira matumba kumsewu. Sindimunena, chifukwa sindinamuuzepo kuti udzuwo ndi wa ntchito yanji. Mu Okotobala 2022 ana osaka mbewa anayatsa tchire la pafupi, moto n'kulowa m'munda. Vetiva moto sumupha, amaphukanso, popeza mtima wake uli m'nthaka. Koma mulu wa udzu wouma wa zaka zitatu unayaka ngati nkhokwe, ndipo mvula yoyamba inapeza mizere ili mbee, yongotsala zitsa zakuda ndi mipata.

Mu Januwale 2023 malume anandiimbira foni usiku. Sanapereke ngakhale moni. Anangoti, "Bwera udzaone munda wako." Nditafika ndinapeza chigwembe chofika m'chiuno chitadula munda kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, chikutsata ndendende njira ija ya matumba. Madzi saiwala khwawa. Mbatatesi ya kumunsi inali itakokoloka, ina ili pamtunda yasanduka yobiriwira ndi dzuwa, ina itakwiririka ndi mchenga m'dimba la mayi wina woyandikana nafe. Ndinakapepesa kwa mayiwo nditagwira chipewa m'manja. Chaka chimenecho ndalama ya fetereza sinabwerere. Mayi wina wa mu msika wa Limbe amene ndinkamupatsira katundu, ndipo anali atandipatsiratu kandalama ka chikole, anandidikira mpaka anatopa. Ndinabweza pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero akandiona amandifunsa kuti, "Achimwene, udzu uja mwameta?"

Mpanda uli pansi

Mvula itatha malume ananditenga kumunda kwawo, umene uli pa phiri lomwelo, wotsetsereka kuposa wanga. Munalibe ngakhale kangalande. Anandiuza kuti ndigwade ndilowetse dzanja m'munsi mwa vetiva wawo. Zala sizinadutse. Kumtunda kwa mzere uliwonse dothi linali litaunjikana mpaka kupanga ngati sitepe, lakuda, lofewa.

"Waona mphwanga? Madzi sayenda m'mwamba. Amayenda pansi. Ndiye iwe umanyadira mutu wa udzu ngati tsitsi la mkwatibwi."

Nzeru yonse ili pamenepa. Vetiva satseka madzi ngati damu. Amawachedwetsa, n'kuwasefa ngati sefa ya ufa. Madzi akafika pa mzere amataya liwiro, dothi limene anyamula limatsala, ena amalowa pansi, otsala amadutsa pang'onopang'ono atamwazikana. Pansi pa nthaka mizu yake imalowa chotsika, ndipo pa dothi labwino imatha kufika mamita atatu. Siyenda m'mbali ngati kapinga, choncho silanda munda. Koma kuti sefayo igwire ntchito, mapesi ayenera kuthithikana pansi penipeni popanda mpata. Chimene chimawathithikitsa ndi kumeta. Ukadula mutu, phata limatulutsa mphukira zambiri m'mbali, maphata oyandikana n'kugwirana. Ndipo mpata umodzi ndi woipa kwambiri, chifukwa madzi onse amene mzere wasonkhanitsa amathamangira pamenepo ndi mphamvu imodzi. N'zimene zinandichitikira ine.

Kameteredwe kake, monga anandiphunzitsira malume ndipo alangizi a zaulimi amanenanso chimodzimodzi, sikovuta. Umadula pa msinkhu wa masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pansi. Ngati mulibe tepi, bondo lanu ndi muyeso, musapitirire pamenepo. Musametenso mpala mpaka pa dothi, chifukwa zitsa zija ndi zimene zimagwira zinyalala madzi akamadutsa. Chida chabwino ndi zenga lakuthwa. Umagwira udzu dzanja limodzi ngati mtolo, n'kudula ndi linalo. Chikwanje chobuntha chimangophwanya mapesi. Valani malaya a manja aatali chifukwa masamba ake amacheka khungu, ndipo yambani mwagwedeza udzuwo ndi ndodo kuopa njoka.

Nthawi yake malume amameta kawiri pa chaka, nthawi zina katatu. Koyamba ndi mvula ikangoyamba kukhazikika, mbeu zitamera, kuti udzu usaphimbe mzere woyandikana nawo. Ngati mvula yachuluka ndipo udzu wathamanga, amabwerezanso pakati pa dzinja. Komaliza ndi mvula ikamatha, cha mu Epulo kapena Meyi, udzu usanaume. Kumeta kumeneku ndiko kumapulumutsa munda ku moto wa mu Seputembala ndi Okotobala, popeza moto ukabwera supeza chakudya chambiri. Vetiva wongobzala kumene amamusiya kaye agwire bwino asanamuonetse zenga.

Pometa m'pamenenso umaona mipata. Mvula ikakhazikika umakumba phata limodzi lalikulu, makamaka la ku nazale kapena la kumapeto kwa mzere, n'kuligawa timagulu ta mphukira ziwiri kapena zitatu. Masamba umadula kutsala masentimita 15 mpaka 20, mizu n'kuifupikitsanso, kenaka umabzala motalikana masentimita 10 mpaka 15, ngati kutambalala kwa chikhatho. Ukabzala motalikirana kwambiri kuti mbeu ikwanire, wangodzinamiza wekha. Ndipo ngati pakufunika njira ya anthu, isadule mizere yonse molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Izikhotakhota.

Udzu wometawo sutayidwa. Malume amafolera nawo khola ndi khitchini, wina amayala pakati pa mizere kuti chinyezi chisathawe, wina amaponya m'dzenje la manyowa. Masamba anthete ophuka pambuyo pometa ng'ombe zimadya, pamene okhwima zimangowanunkhiza. Akatswiri a ku South Africa anapezanso kuti agulugufe a mtundu wina wa kapuchi amakonda kuikira mazira pa vetiva kusiyana ndi pa chimanga, ndipo mphutsi zambiri zikaswa pamenepo sizikula. Kunja mizu yake amayenga mafuta opangira perefyumu, ndipo dziko la Haiti ndi limene limatchuka ndi malonda amenewa. Koma chonde musakakumbe mpanda wa munda kufuna perefyumu.

Nkhani ya mizere ndi yakale

Madzulo tikuotha moto ndinafunsa malume chifukwa chake anthu ambiri kwathu amabzala vetiva alangizi akabwera, kenaka n'kumusiya. Anaseka, amvekere nkhani ya mizere ku Ntcheu ili ndi zipsera.

Nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, boma linkakakamiza anthu kupanga mizere ndi migula yoteteza nthaka. Wolephera ankalipitsidwa faindi, ena kutsekeredwa, ena kuzuliridwa mbeu. Anthu ankazitcha kuti malimidwe, ndipo ankadana nazo koopsa. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani II anauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa. Boma linawachotsa pa mpando n'kufuna kuwasamutsa m'boma la Ntcheu. Anathawira ku Mozambique mothandizidwa ndi m'busa wachingerezi Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza, ndipo anamwalira mu 1954. Choncho kwa makolo athu, kuteteza nthaka kunabwera ndi chikoti, ndipo kukana kunali ufulu.

Kenaka kunabwera nkhondo ya ku Mozambique. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuyamba kwa 1990, Malawi anasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo midzi ya m'malire a Ntcheu inalandira ambiri. Anali abale athu, chilankhulo chimodzi, ena mfunda umodzi. Koma aliyense ankafuna nkhuni ndi milimo, ndipo mitengo inachepa m'mapiri. Matipate atabwera mu 1994, ena anamva ngati demokalase ndiye kuti mlangizi asakuuze chochita m'munda mwako.

Vetiva amene timabzala m'mizereyu kwawo ndi ku India. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri awiri a World Bank, John Greenfield ndi Richard Grimshaw, ndi amene anamutchukitsa ngati njira yotchipa yogwirira nthaka, pamene Greenfield anali atamuyesapo kale m'minda ya nzimbe ku Fiji. Kuno kwathu anafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa alangizi a boma ndi mapulojekiti monga PROSCARP, imene inkayenda ndi ndalama za European Union. Kubzala kunali ndi chikondwerero chake: misonkhano, nazale, alendo obwera pa galimoto. Kumeta kulibe mlendo. Ndi ntchito ya iwe wekha ndi zenga lako, chaka chilichonse, popanda wokuombera m'manja. M'pamene ambiri timagwera.

Koma dothi silidikira. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe a FAO, UNDP ndi UNEP anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka, tikaphatikiza dziko lonse. Inu a pa msika mumadziwa masamu a matumba: matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Tangoganizani malole angati amenewo. Ndipo limene limapita ndi la pamwamba, lachonde, pamodzi ndi fetereza amene mlimi wagula modula.

Zikukukhudzani bwanji inu a pa msika

Mwina mukuti, ife ndife ogulitsa, za udzu zitikhudza bwanji? Tamverani. Nthaka ikaguga, mbatatesi imatuluka ing'onoing'ono, yosayenera chipisi, ndipo anyamata a pa chiwaya amaikana. Mlimi amathira fetereza wambiri kuti apeze zomwe ankapeza kale, mtengo wa thumba n'kukwera, inu n'kumakangana ndi kasitomala pa mulu. Dothi lokokoloka limakwirira madimba a kumunsi, amene amakupatsani kabichi, tomato ndi mbatatesi m'chilimwe. Madzi othamanga amadulanso misewu ya kumidzi, lole n'kulephera kufika, katundu n'kuolera m'matumba. Zonsezi zimathera pa benchi lanu.

Ambiri mwa inu mulinso ngati ine. Muli ndi munda kumudzi, ku Tsangano, ku Lizulu, ku Dedza kapena ku Neno, ndipo mumalima pa foni. Mumatumiza ya mbeu, ya fetereza, ya mankhwala opopera, ya aganyu opalira. Pa ndandanda umenewo onjezani ya ometa vetiva, ndipo muuzeni waganyuyo chifukwa chake. Mukapita kumudzi musangoima pamsewu n'kuona kuti udzu ulipo. Gwadani, lowetsani dzanja. Ndipo inu amene mumapikula kwa mlimi mmodzimodzi chaka ndi chaka, mpaka kumupatsiratu chikole, simulakwa kumufunsa za mizere yake. Ndalama yanu ili m'munda momwemo.

Nzeru yomweyi imagwiranso pa zomera zina za masamba aatali, koma chilichonse chili ndi kadulidwe kake. Nsenjere ya ng'ombe imadulidwa pafupi ndi pansi ikafika cha m'chiuno, isanakhwime n'kusanduka bango. Khonje wa m'malire a minda umachotsa masamba a m'munsi okhwima, mtima wa pakati osaukhudza. Udzu wonunkhira mandimu uja amayi amathira mu tiyi ukachita chiputu chouma, umete n'kuchotsa zouma za pakati, uphukanso bwino mvula ikagwa. Anzanga ogulitsa maluwa m'machubu m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, muziwauza makasitomala anu kuti maluwa a masamba ngati malamba, monga agapanthus, sametedwa ngati udzu. Umangothothola masamba achikasu ndi kudula phesi la duwa likafota. Ukawadula pakati amatsala ndi nsonga zopserera kwa miyezi. Ku Nyambadwe ndi ku Area 10 amameta kuti pabwalo pakongole. Kwathu timameta kuti tidye.

Munda wanga sunachire wonse. M'chigwembe chija tinaikamo miyala ndi zikhomo, n'kubzala vetiva modutsa m'kati mwake malo angapo, ndipo chikukwiririka pang'onopang'ono mvula iliyonse. Malume akuti dothi limene linapita usiku umodzi litenga zaka kuti libwerere, ndipo lina silidzabwera. Mayi wa dimba uja tinagwirizana, ndinamupatsa mbeu ya vetiva kuti naye atchinge kumtunda kwake.

Tsopano mwezi wa Meyi ukafika sindituma munthu. Ndimakwera basi mpaka pa mphambano, n'kupeza ya kumtunda. Zenga ndinagula langa, limakhala pa denga kwa malume. Ulendo wathawu anandiyang'ana ndikumeta mzere wachitatu, manja atachekekachekeka, amvekere: "Watsitsa kwambiri mphwanga, bondo lako lili pati?" Ndinakweza dzanja pang'ono n'kupitiriza.